Malo Ocheza ndi Banja Mosaboola M'thumba Pambali pa Paki ya Kasungu

KASUNGU — Mabanja ambiri m'dziko muno akamva za ulendo wa patchuthi amaganiza za kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi, pomwe ena amangoti zoyendayenda n'za azungu ndi anthu a ndalama zawo. M'boma la Kasungu malo omwe amatchuka pa nkhani yokopa alendo ndi amodzi okha, omwe ndi malo osungirako nyama zakutchire a Kasungu National Park. Komabe banja lomwe lakonzekera bwino likhoza kuthera tsiku limodzi m'pakiyi, ndipo masiku ena awiri kapena atatu n'kukacheza m'malo oyandikira omwe salira ndalama zambiri, mwinanso osalipiritsa n'komwe.

Kumaiko akunja kayendedwe kotere nkodziwika. Mabanja omwe amapita mumzinda wa Orlando ku America kukaona malo a zisangalalo a Walt Disney World, omwe adatsegulidwa m'chaka cha 1971, kawirikawiri sakwanitsa kulipira pachipata tsiku ndi tsiku, choncho masiku ena amakacheza kumalo ang'onoang'ono monga Gatorland kapena kugombe la nyanja. Nawo Amalawi omwe akugwira ntchito ku Johannesburg amadziwa kuti mwana akasangalala ku Gold Reef City Loweruka, Lamulungu akhoza kukasewera ku Zoo Lake komwe kulowa kwake nkwaulere. Kuno kwathu kulibe malo a makatungwe a magetsi aakulu chotere. Chipata chachikulu chomwe banja la ku Kasungu limasungira ndalama ndi cha kupaki, ndipo funso ndi lakuti masiku otsala a tchuthi anawo akaone chiyani.

Tawuni ya Kasungu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, pa msewu wa M1. Bomali lidapezeka ndi anthu oposa 840,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo ambiri mwa iwo amadalira ulimi wa fodya, chimanga, mtedza ndi soya.

Paki yeniyeniyo

Paki ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, ndipo malo ake ndi okwana masikweya kilomita 2,316 kumadzulo kwa bomali, kukafika m'malire ndi dziko la Zambia. Boma la atsamunda lidayamba kuteteza nkhalangoyi m'zaka za m'ma 1920, ndipo idakwezedwa kukhala paki m'chaka cha 1970. Imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama ndi nyama zakutchire. Alendo ochokera kutawuni amalowera pachipata cha Lisitu, ndipo malo ogona ali m'mbali mwa damu la Lifupa momwe mumakhala mvuu.

Mbiri ya njovu za m'pakiyi ndi yomvetsa chisoni. M'zaka za m'ma 1970 mudali njovu zoposa 1,000, koma pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50 zokha chifukwa cha anthu opha nyama mozembera malamulo omwe ankafuna minyanga. Mu 2022 boma, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, lidasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde National Park kudzazisiya ku Kasungu, pamodzi ndi nyama zina monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Nchifukwa chake masiku ano mwayi woona njovu zikumwa madzi ku Lifupa ndi waukulu kuyerekeza ndi zaka khumi zapitazo.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe mlendo ayenera kuidziwa asanayambe kujambula zithunzi. Chibwerereni njovuzi, anthu a m'midzi yozungulira pakiyi, kuno ku Malawi komanso tsidya la Zambia, akhala akudandaula kuti zikuononga mbewu m'minda ndi nkhokwe, ndipo miyoyo ya anthu idatayika. Mpanda wa magetsi wakhala ukumangidwa m'malire a kum'mawa pofuna kuchepetsa vutoli. Njovu yomwe mwana wa m'tawuni akuiombera m'manja ndi yomweyo yomwe yagonetsa panja mlimi wa kwa Chulu, ndipo kholo lanzeru liyenera kuuza ana zonse ziwiri.

Kupatula nyama, m'pakimu muli zinthu zamakedzana zomwe alendo ambiri amazilumpha: zojambula pamiyala ku phiri la Solonje, ng'anjo yomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi mikondo, komanso mabwinja a midzi yomwe idali ndi malinga. Phiri la mwala lotchedwa Black Rock, kufupi ndi Lifupa, ndi losavuta kukwera ngakhale kwa ana a sukulu, ndipo munthu akaima pamwamba amaona nkhalango ya miombo itangoti bii mpaka kumene maso alekezera. Kumalo onsewa nkofunika kupita ndi msilikali wa zanyama, osati panokha.

Pomwe ndalama zimathera

Anthu ambiri amaopa ndalama ya pachipata, koma nzika za dziko lino zimalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo ochokera kunja, ndipo ana amalipira yocheperapo kuposa akuluakulu. Nkofunika kunyamula chiphaso cha unzika. Popeza mitengo imasinthasintha, makamaka chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi bwino kufunsa ku ofesi ya zanyama ulendo usanayambike.

Chomwe chimadya ndalama kwenikweni ndi mayendedwe ndi malo ogona. Kuchoka m'tawuni kukafika ku Lifupa ndi mtunda woposa makilomita 50, mbali yaikulu ndi msewu wafumbi, ndipo m'paki simuyenda minibasi, njinga za kabaza kapena anthu apansi. Banja lopanda galimoto liyenera kuchita hayala, ndipo apa mpamene mabanja awiri kapena atatu, gulu la kumpingo, kaya la banki m'khonde, amapindula akasonkherana mafuta. Kugona m'nyumba za alendo za m'tawuni n'kulawirira m'mamawa kumatchipa kusiyana ndi kugona m'paki, ndiponso m'mamawa ndi madzulo ndiyo nthawi yomwe nyama zimaoneka, chifukwa dzuwa likakwera zimabisala m'mithunzi. Kamba wa paulendo achokere kunyumba: mbatata yootcha, mtedza wokazinga, zitumbuwa, nkhuku ya lokolo ndi thobwa m'chigubu. Tsiku limodzi lotere nlokwanira. Banja lomwe laumirira masiku atatu m'paki limabwerako litaona njovu zomwezo katatu, m'thumba muli mbee.

Phiri la Kasungu ndi mbiri ya Mwase

Tsiku lachiwiri silifuna galimoto. Phiri la Kasungu lili m'mphepete mwa tawuni ndipo limaonekera kutali munthu akamachokera ku Lilongwe. Kulikwera kumangofuna nsapato zolimba, madzi akumwa ndi munthu wa m'deralo wodziwa njira, yemwe mungamuthokoze ndi kangachepe. Pamwamba pake mpomwe mwana amamvetsa chomwe aphunzitsi amatanthauza akamanena za chigwa cha Kasungu: minda, madambo, zigafa ndi mabani a fodya zitayalana mbali zonse, uku msewu wa M1 utadutsa pakati ngati chingwe. Amaonanso ndi maso ake momwe mitengo yathera, pakuti fodya wochiza ndi moto komanso makala zadya nkhalango zambiri za m'bomali.

Kuzungulira phirili ndi komwe kudali likulu la Mfumu Mwase Kasungu, imodzi mwa mafumu amphamvu a Achewa m'zaka za m'ma 1800, yomwe inkachita malonda a minyanga ndi amalonda ochokera kunyanja. David Livingstone adafika kwa Mwase m'chaka cha 1863. Mbiri ya pakamwa imati Angoni ataukira deralo adagonjetsedwa ndipo mtsogoleri wawo Nawambe adaphedwa, nchifukwa chake pali malo otchedwa Nguluyanawambe. Dzinali ndi lomwe mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adapatsa nyumba yake yaikulu ya ku Kasungu. Nyumbayi si malo a boma olowa aliyense, choncho alendo amangoionera patali pokhapokha atapatsidwa chilolezo ndi eni ake.

Ufumu wa Mwase udagonja kwa asilikali a Britain kumapeto kwa 1895, ndipo atsamunda adamanga linga lawo lomwe adalitcha Fort Alston. Dzinali ndilo lidali la boma la Kasungu kwa zaka zingapo. Kufupi ndi tawuni kulinso mishoni ya Chilanga ya mpingo wa CCAP, yomwe idayambitsidwa ndi amishoni a Livingstonia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo masiku ano imadziwika ndi maphunziro a ana osaona. Zonsezi mwana wa Sitandade 6 amaziloweza pokonzekera mayeso, koma ndi ochepa omwe adapondapo, ngakhale obadwira pachipatala cha boma cha Kasungu pompa.

Msewu wa ku Mtunthama

Ulendo wopindulitsa kwambiri pa ndalama zochepa ndi wolowera kum'mawa pa msewu wa M18 wopita ku Nkhotakota, chifukwa uku kumayenda minibasi ndi matola. Chakum'mawa komweku kuli Mtunthama, pomwe pali mtengo wa kachere womwe Kamuzu adaphunzirirapo a, e, i, o, u ali mwana, asananyamuke wapansi kupita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, kenaka ku America ndi ku Britain komwe adakhala dokotala. Adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958 ndipo adamwalira mu Novembala 1997.

Pafupi ndi mtengowu mpomwe adamanga sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe idatsegulidwa mu Novembala 1981. M'nthawi ya Kamuzu sukuluyi inkatenga ana ochita bwino kuchokera m'boma lililonse n'kuwaphunzitsa mwaulere, kuphatikizapo ziyankhulo zamakedzana za Chilatini ndi Chigiriki, ndipo atolankhani akunja ankaitcha Eton ya mu Africa, kuyerekeza ndi sukulu ina yotchuka ya ku England. Boma la Kamuzu litachoka mu 1994 zinthu zidasintha, ndipo lero ophunzira ambiri ndi olipira. Zipilala za njerwa zofiira, nsanja ya wotchi, damu la kutsogolo ndi nyumba yowerengeramo mabuku yozungulira ndi zinthu zomwe mwana saiwala. Koma ino ndi sukulu, si malo a zisangalalo, ndipo gulu lofuna kulowa liyenera kulemba kalata kapena kuimba lamya kwa akuluakulu a pasukulupa nthawi isanakwane. Kungotulukira pachipata ndi basi yodzaza ana nkudzichotsa ulemu.

Anthu amasiyana maganizo pa za Kamuzu. Ena amakumbukira misewu, zipatala ndi chimanga chodzaza nkhokwe, ena amakumbukira abale awo omwe adatsekeredwa popanda mlandu pa zaka 30 za ulamuliro wake. Pansi pa kachere mpabwino kukambirana zimenezi ndi ana okulirapo, makamaka ngati agogo ali nawo pa ulendowo.

Osati patali ndi Mtunthama pali Wimbe, kwawo kwa William Kamkwamba, yemwe adabadwa mu 1987. Pa njala ya 2001 mpaka 2002, yomwe idavuta kwambiri ku Kasungu, mnyamatayu adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Ankabwereka mabuku m'kanyumba kowerengeramo ka pasukulu ya pulaimale, ndipo poona zithunzi za m'buku lina la sayansi adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga, mapaipi ndi zotayidwa zina za pa esiteti ya fodya. Anthu a m'mudzi ankamuyesa wamisala mpaka tsiku lomwe babu lidayaka. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, mu 2009 kudatuluka buku la mbiri yake lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, mu 2014 adamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa kanema wa nkhaniyi yemwe adajambulidwa konkuno ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa.

M'maganizo a mlembi wa nkhani ino, ngati banja lili ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha, lisankhe uwu. Pamtunda waufupi mwana amaona sukulu yomangidwa ndi chuma cha mtsogoleri wa dziko, n'kuonanso dera lomwe mwana wa mlimi wa fodya adayatsa magetsi ndi zinyalala. Chokumbukira nchakuti kwa Wimbe ndi kumudzi kwa anthu, si malo oonetserako zinthu. Mlendo ayambe waonekera kwa a mfumu kapena kwa aphunzitsi, apereke moni, apemphe asanajambule munthu kapena nyumba yake.

Kutsikira kunyanja

Omwe ali ndi mafuta okwanira akhoza kupitirira ndi msewu womwewu mpaka ku Nkhotakota, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Kasungu. Ubwino wake ngwakuti msewuwu umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, yomwe yakhala m'manja mwa African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndipo idalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Wodutsa pamsewu amaona mapiri, anyani ndipo mwamwayi njovu, koma saloledwa kutsika m'galimoto kapena kupatuka. Mtsinje wa Bua, womwe anthu a ku Kasungu amauwoloka pa M1 popita ku Lilongwe, umadutsa m'nkhalangoyi, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa momwe nsomba ya mpasa imakwerabe kukaswana.

Pa boma la Nkhotakota pali mtengo wa mkuyu pomwe Livingstone adakumana ndi Jumbe, mkulu wa malonda a ukapolo, m'zaka za m'ma 1860, komanso tchalitchi chakale cha Anglican ndi akasupe a madzi otentha a Chawira. Kumwera kuli thamanda la Chia komwe kumapezeka mbalame zambiri ndi nsomba zotsika mtengo. Posamba m'nyanja ana asayandikire pomwe mitsinje imathirira kapena m'mabango, kuopa ng'ona ndi likodzo. Njira ina yobwerera ndi yodzera ku Ntchisi, komwe kuli nkhalango yachilengedwe ya mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba paphiri la Ntchisi, koma msewu wokwera kumeneko umafuna galimoto yolimba.

Fodya, msika ndi magule

Mlendo wochokera kutali asachoke asanaone chomwe chimayendetsa bomali. Msika wa fodya wa Chinkhoma, kumwera kwa tawuni pa M1, ndi umodzi mwa misika inayi ya fodya m'dziko muno pamodzi ndi Kanengo, Limbe ndi Mzuzu, ndipo umatsegulidwa cha mu Epulo. Kulowa mu okushoni kumafuna chilolezo, koma mzere wa malole odzaza mabelo panja ndi phunziro pawokha. Wachibale yemwe ali ndi chigafa akhoza kuonetsa ana kusoka, kupachika, kusankha magiredi ndi kudinda belo pa jeke, mwa kuonerera chabe, pakuti malamulo amaletsa kugwiritsa ana ntchito ya fodya ndipo fodya wamuwisi amadwalitsa akakhudza khungu.

Nyengo ya malonda ndiyonso nyengo yomwe ndalama zimaoneka m'midzi, ndipo ku Kasungu aliyense amadziwa mawu akuti kuziziritsa fodya, pomwe bambo akangotapa ndalama kubanki amasowa pakhomo sabata yathunthu n'kubwerako ndi buledi mmodzi. Mayi ndi ana omwe adadzuka m'bandakucha kuthirira nazale samva n'fungo lomwe la ndalamazo. Gawo lochepa la zomwe zimathera m'malo omwera mowa pa masiku amenewa likhoza kufikitsa banja lonse ku Mtunthama ndi kubwerako, feteleza wa chaka chamawa osakhudzidwa.

Dzinja likatha midzi ya Achewa imakhala ndi miyambo ya chinamwali, ziliza ndi kulonga mafumu, pomwe kumatuluka Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Kuonerera pabwalo nkwaulere kupatula kusupa, koma gule si sewero. Mlendo akhale pomwe wauzidwa, asayandikire kudambwe, asajambule popanda chilolezo cha a mfumu, ndipo akakumana ndi chilombo panjira apatuke. Mabanja omwe zikhulupiriro zawo sizilola akhoza kuonera chimtali ndi mganda, zomwe zimavinidwa masana pabwalo la sukulu kapena pa zochitika za boma. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, koma ulendo umenewo umafuna ziphaso zodutsira pachipata cha Mchinji.

Nthawi yabwino ndi zoyenera kusamala

Miyezi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala, pomwe misewu yauma, udzu wachepa ndipo nyama zimasonkhana pamadzi. Tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti chimagwera bwino m'nyengoyi, ndipo Sepitembala ndi mwezi wokumbukira ntchito zokopa alendo m'dziko muno, womwe umafika pachimake pa 27. Tchuthi cha Khirisimasi nchovuta kwa olowa m'paki chifukwa mvula imaononga misewu ya m'kati, ndiponso alimi amakhala ali pakalikiliki ndi kuwokera ndi kupalira. Mu Juni ndi Julayi ku Kasungu kumazizira kwambiri m'mawa, choncho majuzi a ana asatsale.

Nkhalango za Kasungu ndi Nkhotakota zili ndi ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho ndi bwino kuvala zovala zoyererako za manja aatali ndi kutseka magalasi a galimoto podutsa m'malo owirira. Munthu akayamba kutentha thupi patapita masiku angapo chichokereni kunkhalango, apite msanga kuchipatala ndipo auze adokotala komwe adali, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo. Kugona m'masikito nkofunika paliponse.

M'paki nkoletsedwa kudyetsa nyama, kuyatsa moto pamalo osaloledwa, kutola nkhuni kapena kutuluka ndi chilichonse cha m'nkhalango, ndipo malamulo a zanyama omwe adakhwimitsidwa mu 2017 amapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa opezeka ndi minyanga kapena nyama zotetezedwa kwambiri. Njovu ikaima pamsewu, woyendetsa aime patali, asaimbe huta, adikire mpaka idutse. Mvuu za ku Lifupa zimatuluka m'madzi kukadya usiku, choncho ana asamayende okha m'mbali mwa damu dzuwa likapendeka.

Sukulu, mipingo ndi magulu ena ofuna kukaona pakiyi alembere mkulu woyang'anira Kasungu National Park pasadakhale, kutchula tsiku, chiwerengero cha ana ndi akuluakulu komanso mtundu wa galimoto, kuti awakonzere msilikali wowaperekeza. Mafuta athiridwe okwanira kupita ndi kubwerera galimoto isanachoke m'tawuni, pakuti m'paki mulibe pothirira.